Funsani Dokotala: Apongozi akuti ndaonda kwambiri, ndiye ndinayamba mapiritsi onenepetsa

Funso

Adokotala, ndine mayi wa zaka 28, ndili ndi ana awiri. Ndine woonda chibadwire, ngakhale mayi anga ndi otero. Tsiku lina kusikelo ya mwana anandiyeza, ndinali ndi makilogalamu 50, msinkhu wanga ndi mita 1.6. Chilowereni m'banja apongozi anga sasiya kunena kuti banja silikundiyanja, ndipo amayi apampopi amanong'onezana kuti mwina ndili ndi kachilombo. Mnzanga anandigulira kumsika timapiritsi toyera topatsa chilakolako cha chakudya, topanda chikutu, ndipo ndamwa kwa miyezi 4. Nkhope yadzaza, mimba yatuluka, koma manja ndi miyendo zikuonderabe. Thupi likuphwanya, tulo sindikupeza. Wina akuti ndizikapangitsa masaji kuti mitsempha itseguke, chakudya chizilowerera. Kodi n'zoona? Nanga ndizidya chiyani kuti ndinenepe?

Mayi wodandaula, Bangwe

Yankho

Mayi, m'kalata yanu yonse sindinaonemo pamene mukunena kuti munkadwala musanayambe mapiritsiwa. Munali bwinobwino, mwabereka ana awiri, mumatunga madzi, mumagwira ntchito zanu. Chimene chinkakupwetekani ndi pakamwa pa anthu, ndipo ululu umenewo ndi weniweni. Mawu a apongozi amalasa, makamaka akamanenedwa pa mphasa pali alamu anu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchipatala timatenga makilogalamu a munthu n'kugawa ndi msinkhu wake wochulukitsa ndi msinkhu womwewo. Kwa inu ndi 50 kugawa ndi 2.56, yankho lake 19.5. Munthu wamkulu amakhala pabwino akakhala pakati pa 18.5 ndi 24.9. Ndiye kuti tsiku limene munkameza piritsi loyamba, thupi lanu linalibe vuto loti n'kukonza. Munatengera mayi anu, basi.

Chikhulupiriro choti wonenepa ndiye wathanzi, woonda ndiye wodwala, chatipweteka kwambiri kuno kwathu. Ndikumvetsa kumene chinachokera. M'zaka za m'ma 1990, ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, tinaika m'manda abale ambiri amene anayamba ndi kuonda. Maso athu anazolowera kuyeza magazi a munthu pomuyang'ana makosi. Koma lero pitani tsiku la kiliniki ya shuga ndi BP pa Queens kapena pa Kamuzu Central mukaone amene akhala pa benchi. Ambiri ndi omwe aja ankauzidwa kuti "koma ndiye mukudya bwino". Ena agwa sitiroko asanakwanitse zaka 50. Kumbali inayi, alipo anthu ambirimbiri amene ali ndi HIV, akumwa mankhwala awo mokhulupirika, matupi awo ndi odzaza kuposa anga. Kachilombo sikaoneka ndi maso, ndipo amayi apampopiwo alibe chida choyezera. Kuonda kumene kumatidetsa nkhawa ife ndi kwa munthu amene thupi likutsika mosadziwika bwino, siketi ya chaka chatha yayamba kuvuka yokha, pamodzi ndi chifuwa chopitirira masabata awiri, thukuta la usiku, kutsegula m'mimba kosatha, kapena ludzu ndi kukodza pafupipafupi. Inu simunatchule chilichonse mwa izi.

Tsopano za mapiritsi, ndipo apa ndikudzudzulani pang'ono. Miyezi 4 kumeza chinthu chopanda dzina, chogulidwa pa benchi ya kumsika padzuwa! Mwana wanu mungamupatse? Zimene mwafotokozazi, nkhope yozungulira, mimba kutuluka, manja ndi miyendo kuonda, kusowa tulo, ndi zimene timaona mwa anthu amene amwa nthawi yaitali mankhwala a gulu la steroid, monga dexamethasone kapena prednisolone. Ndi mankhwala abwino tikawapereka pa mphumu yoopsa ndi matenda ena, koma amagulitsidwanso mwachinyengo ngati onenepetsa. Amasunga madzi m'thupi, amasamutsira mafuta kunkhope ndi kumimba, kwinaku akudya minofu. N'chifukwa chake thupi likuphwanya. Amakwezanso BP ndi shuga, amafewetsa mafupa, amatha kuyambitsa zilonda zam'mimba, ndipo amafooketsa chitetezo cha m'thupi, chomwe chija anthu ankakunenerani chikadali champhamvu.

Mumvetsetse bwino apa: musawasiye lero lomwe mwadzidzidzi chifukwa mwawerenga izi. Pamwamba pa impso pali tiziwalo timene timapanga steroid wachilengedwe. Munthu akamamwa wa m'mapiritsi kwa miyezi, tiziwalo timeneti timagona. Kusiya kamodzin'kamodzi kungachititse chizungulire, kusanza, BP kutsika kwambiri mpaka kukomoka. Mlingo umachepetsedwa pang'onopang'ono, ndipo woyendetsa zimenezi ndi wachipatala.

Masaji sanenepetsa. Palibe mtsempha wotsekeka umene ukuletsa nsima kulowa m'thupi mwanu. Chakudya chimalowera m'matumbo, ndipo dzanja la munthu silifikako. Komabe sindikukuletsani. Kutikita minofu kumathandiza mapewa ouma ndi msana wotopa, kumakhazika mtima pansi, ena amagona bwino. Simukufunika kulipira ndalama zambiri. Agogo athu ankathowa ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, kenako n'kusisita ndi mafuta. Bambo akunyumba angachite zimenezi madzulo ana akagona, ndipo kwa mayi amene wakhala akunyozedwa thupi lake, dzanja la mwamuna wake pamapewa limanena zambiri. Asisite mofewa, poti mankhwala amenewa amapepukitsa khungu, silichedwa kuchita zipsera. Koma ngati katumba wa mwendo umodzi watupa, watentha ndipo akupweteka, pamenepo musakhudze, thamangirani kuchipatala, chifukwa akhoza kukhala magazi oundana.

Za chakudya, cholinga chisakhale kunenepa koma mphamvu, ndipo zimene zili pamsika nyengo yake ndi zomwe zimatchipa komanso zimakhala zabwino. Mvula ikamagwa, nkhwani, bonongwe, chisoso ndi therere zili paliponse, tendererani nsinjiro. Mapeyala a ku Thyolo ndi Mulanje akachuluka, theka la peyala m'mawa ndi phala limaposa sikono ndi chakumwa cha m'botolo. Tikakolola kudzabwera mtedza, maungu, mbatata yofiira mkati, nandolo. M'chilimwe malambe ndi mfutso umene munafutsa, kenako mango ndi masuku. Phala likhale la mgaiwa, osati la ufa woyera wokhawokha. Usipa, dzira, nyemba, kapu ya mkaka ikapezeka. Ndiwo magulu 6 a zakudya aja mumamva kusikelo. Mchere ndi shuga muchepetse panopa mpaka atakuyezani.

Sabata ino, osati mwezi ukatha, tengani buku lanu lakuchipatala ndi mapiritsi otsalawo, momwe alili m'kapepala kawo, mupite kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Mukanene mosabisa kuti mwamwa angati pa tsiku komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Mwina nesi adzakukalipiraniko pang'ono, pirirani, nkhani zotere amaziona kawirikawiri. Pemphani akuyezeni BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi. Ngati mukuyamwitsa kapena mukukayikira kuti muli ndi pathupi, nenani poyambirira. Mukayezetsenso HIV, n'kwaulere ndipo zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo. Mupite ndi amuna anu mukamve limodzi. Zikatero nkhani ya apongozi ikhale yawo bambowo. Ndi mayi awo, akawauze okha kuti mkazi wawo wakaonedwa ndi achipatala ndipo za thupi lake zithere pomwepo. Mnzanu anakugulirani mapiritsi uja mumutengenso, poti n'kutheka nayenso akumwa.