Ndasankhidwa ku unamwino koma mantha andigwira

FUNSO

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 20, kwathu ndi ku Ntcheu, cha ku Tsangano. Ndasankhidwa kukaphunzira unamwino ndi uzamba pa koleji ina ya mishoni ndipo tikutsegulira mwezi wamawa. M'malo mosangalala, ndikusowa tulo. Ndinaphunzira pa sekondale yoyendera, MSCE ndinalemba kawiri, ndipo Chingerezi changa n'cha pa pepala, cholankhula chimandikola pakhosi. Chinanso, chaka chatha mlongo wanga anadzitema ndi chikwanje. Pomusoka bala kuchipatala ine ndinakomoka, mpaka anamusiya iyeyo n'kuyamba kutsitsimutsa ine. Bambo agulitsa kachewere yense ndi mbuzi zitatu kuti fizi ipezeke, ndipo kumudzi ayamba kale kundiitana "adokotala". Nanga ndikakalephera? Nanga ndikadzapatsa munthu mankhwala olakwika n'kumupha? Kodi ndingowauza kuti malowa apatse wina?

Wodandaula, Ntcheu

YANKHO

Mwanangu,

Malowo usapatse munthu. Longedza katundu, koma uyambe wamva kaye izi.

Ine amene wandilemberane ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 30, ndipo tsiku langa loyamba m'chipinda chochilira amayi ndinakomoka ngati iwe. Mwana anabadwa bwinobwino, ine n'kumamwetulira. Koma azamba atatulutsa nsengwa n'kuiika m'mbale yachitsulo, makutu anga anayamba kulira, thukuta lozizira kumsana, kenako mdima. Ndinadzidzimuka ndili gone pansi, miyendo atandikwezera pa mpando, mayi wina wokolopa m'wodi akundipemerera mphepo ndi katoni. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Mwadya m'mawa uno?" Ndinali ndisanalawe kanthu chifukwa cha mantha. Anandipatsa tiyi wa shuga wambiri m'kapu yake yapulasitiki, n'kundiuza kuti ndine wachitatu mwezi umenewo.

Kukomoka poona magazi si kuchepa mtima, ndi zochitika za m'thupi. Mwa anthu ena, maso akaona bala mtima umayamba kugunda pang'onopang'ono, mitsempha n'kutakasuka, magazi opita ku ubongo n'kuchepa, basi munthu pansi. Thupi lotere limaphunzitsika. Usamalowe m'wodi ndi njala, uzimwa madzi, ndipo usaime chilili malo amodzi mawondo ali gwa. Ukamva kuti makutu ayamba kulira, limbitsa minofu ya miyendo, matako ndi manja kwa masekondi 10 kapena 15, umasule pang'ono, ubwerezenso kangapo. Zimenezi zimakankhira magazi kumtunda. Zikakanika, khala pansi, mutu pakati pa mawondo. Palibe sisita amene adzakudzudzule chifukwa chokhala pansi, koma ukagwera pa tebulo la zipangizo zowiritsa kale ndiye udzamva mawu. Ndipo udzaona wekha kuti manja akakhala ndi chochita, kugwira thonje kapena kumanga bandeji, chizungulire chimachepa. Amene amagwa kawirikawiri ndi oonerera. Komanso paja amene ankasokedwayo anali mlongo wako, magazi a m'bale amawawa mwa mtundu wina.

Koma funso limene landigwira mtima ndi lakuti "nanga ndikadzapha munthu?" Pamenepa ndikuuza chinthu chimene sindinkachinena kwa zaka zambiri.

Ndili m'chaka choyamba anandituma kuyeza BP ya amayi oyembekezera ku sikelo. Nthawi imeneyo kunalibe makina a mabatire amene mukuwaona lerowa. Unkapopa ndi dzanja, n'kumvetsera kugunda ndi zomvera za m'makutu zija. Mzere unali wautali, ana akulira, ndipo pa mayi wina sindinamve kalikonse. Ndinapopanso, osamva. Manyazi anandigwira poganiza kuti anzanga aona kuti sinditha, choncho ndinalemba 120/80 pa khadi lake, nambala imene aliyense amaidziwa. Mwamwayi sisita anamuyang'ana mayiyo kumaso, n'kuona kuti nkhope ndi zala zatupa, mphete yamulowa m'mnofu. Anamufunsa ngati mutu ukumupweteka, iye anavomera. Atayeza okha anapeza 170/110. Kwa mayi wapakati, 140/90 ndi chenjezo kale. Pamene panafika mayi uja akanatha kugwa khunyu tsiku lomwelo, iye ndi mwana n'kutisiya. Anamugoneka m'wodi nthawi yomweyo.

Sisita sanandikalipire pagulu. Ananditengera ku kachipinda kosungira mankhwala n'kundifunsa ngati nambala ija ndinaimvadi. Ndinalira. Anandiuza kuti mawu awiri oti "sindinamve, ndithandizeni" sanachotsetsepo munthu sukulu, koma nambala yabodza imaika anthu m'manda. Usiku umenewo sindinadye.

Ndiye taona, tsiku limenelo chimene chikanapha munthu si umbuli wanga, chifukwa wophunzira aliyense ndi mbuli pa chiyambi. Chinali kubisa umbuliwo. Pambuyo pake, pamene ndinayamba kulandira ophunzira m'wodi mwanga, amene ankandisowetsa mtendere sanali amantha ngati iwe. Anali aja ofika ndi chifuwa patsogolo, oyankha "ndikudziwa" usanamalize kulankhula. Wamantha amawerenga dzina la pa botolo kawiri. Akulu anati safunsa anadya phula. M'chipatala phulalo amadya ndi wodwala.

Usaganizenso kuti tsiku loyamba adzakupatsa jakisoni n'kukulozera munthu. Mumayamba m'kalasi, kenako m'chipinda chophunzirira momwe muli zidole zazikulu ngati anthu, n'kumayezana nokhanokha. Mukapita m'wodi mumayambira kuyala mabedi, kusambitsa odwala, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuyeza kutentha kwa thupi. Mankhwala umapereka wamkulu ali pambali pako, ndipo adzakulowetsa m'mutu mpaka uzilota zinthu zisanu zotsimikiza usanapereke: kodi wodwala ndi yemweyu, mankhwala ndi omwewa, mlingo ndi womwewu, njira yake ndi yakumwa kapena yobaya, nanga nthawi yakwana? Dipuloma yako ndi ya zaka 3, ndipo ngakhale utamaliza, sungagwire ntchito usanakhoze mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Ngakhale anzako a digiri ya zaka 4 ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, amadutsa pa chipata chomwecho. Pakati pa iwe ndi wodwala pali maso ambiri.

Za Chingerezi sindichulutsa. Mawu a ziwalo za thupi ndi a matenda ambiri anachokera ku Chilatini ndi Chigiriki, choncho wa ku sekondale yogonera ya m'tauni adzawaluma lilime chimodzimodzi ndi iwe. Gula kope laling'ono lokwana m'thumba la yunifolomu, mawu atsopano uzilemba pomwepo, madzulo n'kukhala ndi anzako awiri kapena atatu kumafunsana. Munthu amene analemba MSCE kawiri amadziwa kudzuka akagwa, ndipo ku koleji mayeso obwereza aliko, sachotsa munthu chifukwa cha pepala limodzi la pakati pa temu. Ndiye pali chimene iwe uli nacho chimene buku silingapereke. Gogo akabwera ndi khanda n'kunena kuti "liwombo lalowa", iwe udzamva msanga n'kuganiza za kutha kwa madzi m'thupi, n'kuthamangira Thanzi kapena dripi. Wodwala akati "m'mimba mukupota" kapena "m'thupi mukuphwanya", sudzafuna womasulira. Odwala athu ambiri amadwala m'Chichewa.

Sindikunamiza kuti ndi ntchito yofewa. Walira mvula walira matope. Kuli kuchezera usiku wonse uli chiimire, odwala ambiri anamwino ochepa, magolovesi kutha, achibale okwiya, ndiponso tsiku limene udzatseke maso a munthu amene unamumwetsa phala m'mawa. Funsa amene anagwira ntchito m'misasa ya kolera mu 2022 ndi 2023 akuuze. Imfa yoyamba udzalira, ndipo ulire ndithu, kenako upeze mnzako kapena mphunzitsi woti ulankhule naye. Zoti namwino weniweni salira n'zabodza.

M'masabata atsalawa usangokhala n'kumadzidya mumtima. Peza wotchi yokhala ndi muvi wa masekondi. Gwira dzanja la mayi ako, zala ziwiri pamkono cha m'munsi mwa chala chachikulu, uwerenge kugunda kwa mphindi yathunthu; kwa wamkulu amene wapuma kumakhala pakati pa 60 ndi 100. Kenako werenga mpweya wawo iwo asakudziwa, umakhala 12 mpaka 20 pa mphindi. Yeza bambo, yeza mlongo wako uja, yeza aneba. Fukula makope a Biology a Fomu 3 ndi 4, makamaka za mtima, mapapo ndi impso. Uchitenso masamu a kugawa ndi a madesimo, chifukwa dokotala akalemba 500 mg pamene mapiritsi ali a 250 mg, wowerengera ndi iwe. Nsapato ugule zafulati, zotseka kutsogolo, osati zokongola, miyendo idzandithokoza. Ukafika, ufunse za katemera wa matenda a chiwindi a mtundu wa B musanayambe kupita m'mawodi.

Kusowa tulo kukapitirira masabata awiri, chakudya n'kumakukanika, kapena ukayamba kuganiza zodzivulaza, pita kuchipatala ukafotokoze monga wandifotokozera ine. Imeneyo ndi nkhawa yofuna thandizo, ndipo thandizo lake liliko.

Za mbuzi zitatu zija, khala pansi ndi bambo ako usananyamuke uwauze kuti ukuopa. Ndikukayika ngati adzadabwe. Amene amakuona ukutembenukatembenuka pa mphasa ndi a m'nyumba mwako omwe. Anthu a kumudziwo asiye azikuitana "adokotala", sungawaletse, ine mpaka lero ku tchalitchi amandionetsa zotupa ndi makadi a kuchipatala pakhomo penipeni. Ungowachenjeza kuti mankhwala sulemba.

Ukatha temu yoyamba undilembere, undiuze ngati unagwa m'chipinda chochilira ndi amene anakupatsa tiyi.

Azakhali