Si zokometsera ndiwo zomwe zadwalitsa bambo anu

Achemwali, pepani ndi matendawa. Mwafunsa ngati nthenda ya mu ubongo ya Huntington imene bambo anu apezeka nayo yadza chifukwa cha zokometsera ndiwo zolembedwa MSG zija, poti adokotala anatchula glutamate, yemwe amapezekanso mu MSG. Ayi ndithu. Glutamate wa m'zakudya, yemwe ali ngakhale mu tomato ndi nyama, wambiri amathera m'matumbo, ndipo ubongo uli ndi mpanda womutchinga. Adokotala ankanena wopangidwa ndi ubongo womwewo.

Maselo a ubongo amatumizirana uthenga ndi glutamate ameneyu. Selo likamutulutsa, iye amakagogoda pa tizitseko ta selo linzake, tina mwa ito totchedwa NMDA. Kachitseko kakatseguka calcium amalowa pang'ono, uthenga wafika, katsekeka. Timaphunzira ndi kukumbukira motero. Koma tikamakhala chotsegukira, calcium amasefukira ngati madzi a m'dambo mu February, selo limalema mpaka kufa. Mu 1976 Joseph Coyle ndi Robert Schwarcz anabaya makoswe mu ubongo mankhwala a kainic acid, omwe amatekesa tizitseko ta glutamate, ndipo mbali yotchedwa striatum inawonongeka mofanana ndi ya odwala Huntington. Mbali imeneyi ndiyo imawongolera kayendedwe ka thupi. N'chifukwa chake manja a bambo akungogwedezeka okha, kapu ya tiyi n'kumatayika, anthu n'kumati aledzera kapena alodzedwa.

Gwero lake komabe ndi jini (malangizo a chibadwa otengera kwa makolo) ya HTT, pa chromosome 4, yomwe inapezeka mu 1993. Kachidutswa kake ka CAG kakabwerezeka ka 40 kapena kuposa, thupi limapanga puloteni yolakwika, ndipo ndiyo imafooketsa maselowa kuti asapirire glutamate amene enafe sativuta.

Mungaganize kuti basi tingotseka tizitsekoto. Anayesa. Mankhwala a riluzole, amene amachepetsa mphamvu ya glutamate ndipo amawonjezerako miyezi ingapo ya moyo kwa odwala ALS (nthenda ina ya mitsempha yofooketsa minofu), pa Huntington sanaphule kanthu. Tetrabenazine amangochepetsa kugwedezekako, ndipo iye amadzera ku dopamine, mthenga wina wa mu ubongo. Ndiye akamakugulitsani mankhwala "otsuka glutamate" pa WhatsApp, sungani ndalama zanu.

Chondidetsa nkhawa ine ndi inuyo. Mwana aliyense wa wodwala, wamwamuna kaya wamkazi, ali ndi mpata wa theka wotengera jiniyi, ndipo zizindikiro zimakonda kuyamba pakati pa zaka 30 ndi 50. Musathamangire kukayezetsa musanakhale pansi ndi adokotala odziwa za majini, chifukwa zotsatira zake zikhudzanso azichimwene anu ndi ana anu.