Ndisiye ntchito kuti ndizipanga mikanda ndi kuphunzitsa ena?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Area 25, yemwe wapempha kuti dzina lake ndisatchule. Amagwira ntchito m'shopu ina ku Old Town, ndipo madzulo akaweruka amatunga mikanda, kupanga ndolo ndi zibangili. Patha miyezi 8 akuchita zimenezi. Anzake atatu a kutchalitchi amupempha kuti awaphunzitse, ndiye akufunsa ngati nthawi yakwana yoti asiye ntchito, luso limeneli likhale podyera pake, ayambenso kuphunzitsa.

Achemwali, ntchito musasiye kaye, ndipo anzanuwo musawalipiritse kaye. Sindikukugwetsani mphwayi ayi. Ine ndemwe ndimadyera mikanda, ana anga akuphunzira ndi ndalama ya ndolo. Koma miyezi 8 ndi yochepa kuti mudziwe ngati zimene mukupangazo zimalimba zikafika pathupi pa munthu.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera chaka changa choyamba. Ndinapangira mkwatibwi wina wa ku Kawale mkanda wa m'khosi woti avale pachinkhoswe. Ndinautungira pa twaini ya mbedza, n'kumanga mfundo wamba. Unali wokongola, aliyense ankaufunsa. Perekaniperekani atafika pachimake, iye akuvina, mkanda uja phuu, mikanda yonse mbwee pansi pamodzi ndi ndalama zofupa. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo ndimawakumbukabe. Vuto linali langa. Sindinkadziwa kuti nayiloni imaterera pamfundo, komanso kuti mikanda ya galasi ili ndi m'mphepete mwakuthwa m'kabowo mwake ndipo imadya ulusi pang'onopang'ono. Mikanda yolemera imafuna kawaya kofewa kokutidwa ndi pulasitiki, kotsekedwa ndi timikanda tachitsulo tomwe timafinya ndi pulayasi. Kuyambira pamenepo, chilichonse chatsopano ndimayamba ndavala ndekha mwezi wathunthu. Chikumane ndi thukuta la mu Okutobala, sopo, mafuta odzola, mpaka mwana wakumbuyo achikoke. Chikapirira, ndiye chipite kwa kasitomala.

Pa ndolo samalani kwambiri ndi tizitsulo tolowa m'khutu. Totsika mtengo tambiri timakhala ndi chitsulo chotchedwa nickel, ndipo makutu a anthu ambiri amayabwa kapena kutupa nayo. Funani ta stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri, kapena siliva weniweni, amene amadindidwa nambala 925. Ndipo ngati chinthu changopakidwa utoto wagolide, muuzeni wogula kuti chidzasuluka. Kasitomala amene mwamuuza zoona amabweranso ndi mnzake.

Tsopano za zipangizo. Mikanda ya galasi, zokowera ndi mawaya zambiri zimene timagula mumsika waukulu wa Lilongwe ndi m'mashopu ozungulira zimachokera kunja, zina kudzera ku Dar es Salaam, zina ku Johannesburg. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera nthawi yomweyo, pamene makasitomala anali asanakonzeke kuwonjezera ngakhale tambala. Chimene chinandipulumutsa n'chakuti theka la katundu wanga limachokera konkuno: zidutswa za chitenje zimene atelala amataya, nsungwi, nyanga za ng'ombe, mapepala a makalendala akale. Dziko lathu lilinso ndi miyala yoti ena amasirira. Ku Mzimba kuli aquamarine ndi rose quartz, ku Ngabu kuli agate wobiriwira ngati thambo, ndipo phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu limadziwika ndi ruby ndi sapphire. Kungoti malonda a miyala yosasema amafuna laisensi ya boma, choncho musamagule m'thumba mwa munthu wongokupezani pamsewu.

Zinthu zitatu musazikhudze n'komwe. Minyanga ya njovu, chifukwa lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwa mu 2017 limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende. Waya wa mkuwa wosadziwika kumene wachokera, chifukwa wambiri ndi wobedwa pamapolo a magetsi. Ndiponso tinjere tija tofiira tokhala ndi kadontho kakuda, timene timamera pa chomera choyanga m'tchire. N'tokongola zedi, koma m'kati mwake muli poizoni woopsa, ndipo poboola mpamene mumamutulutsa. Mwana akatafuna kamodzi kokha akhoza kufa.

Nkhani imene imagwetsa ambiri a ife ndi mtengo. Mwandiuza kuti mumagulitsa bwino, koma simunandiuze ngati nthawi yanu mumaiwerengera. Gulani kope. Pa chinthu chilichonse lembani mtengo wa mikanda, zokowera, kathumba koikamo, ndalama ya minibasi kapena kabaza yopitira m'tauni, bandulo yoikira zithunzi pa WhatsApp ndi Facebook, ndalama imene Airtel Money kapena Mpamba imadula mukamatapa, kenako maola amene mwakhala pansi. Maolawo apatseni mtengo ngati mukulipira munthu wina. Ambiri akachita zimenezi amapeza kuti akhala akugwira ntchito yaulere. Za ngongole ya "ndikupatsani mwezi ukatha" ndingoti, achibale ndi anzanu a kwaya ndi amene amatsekesa bizinesi mosadziwa. Oda ya chinkhoswe kapena ukwati iziyamba ndi theka la ndalama m'manja.

Kope limenelo ndi limene lidzakuuzeni tsiku losiya ntchito. Malonda athu ali ndi nyengo. Anthu akakolola, zinkhoswe ndi maukwati zimachuluka mpaka Disembala, ndipo umadziona ngati walemera. Januwale ndi Febuluwale, ndalama yonse imapita ku fizi, feteleza ndi ufa, palibe amene amaganiza za ndolo. Inu simunaone chaka chathunthu. Dutsani kaye miyezi imeneyo muli ndi malipiro a kushopu.

Kuphunzitsa ndimakukonda kuposa kugulitsa, ndipo n'chifukwa chake sindifuna kuti mukuyambe mopupuluma. Ndi luso lina palokha. Manja anu amadziwa kupinda waya, koma pakamwa panu sipanazolowere kufotokoza zimene manjawo amachita, ndipo wophunzira akalakwitsa muyenera kuona msanga pamene palakwika. Zimenezi zimabwera munthu utalakwitsa wekha kambirimbiri. Ophunzira anga tsiku loyamba sapanga chokongola chilichonse. Amapinda tizingwinjiri ta waya mpaka tonse tifanane, amatsegula ndi kutseka zokowera, kenako ndimawapatsa mkanda woduka kuti andiuze chimene chinaudula. Ena amanyong'onyeka, koma otsalawo ndi amene lero ali ndi makasitomala awoawo. Gulu lisapitirire anthu asanu, chifukwa muyenera kuona zala za aliyense. Ndipo musalonjeze satifiketi. Maphunziro a ntchito zamanja ovomerezeka ndi boma amayang'aniridwa ndi TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo ngati mudzafune kufika pamenepo mudzapite mukafunse zofunika polembetsa.

Inunso muzikhala wophunzira. Mikanda sinayambe ndi ife a pa intaneti. Agogo athu ankatunga mikanda ya m'chiuno kalekale, ndipo anamkungwi amadziwa tanthauzo la mitundu yake. Mukapita ku Umhlangano, mwambo wa chikhalidwe cha Angoni a Maseko ku Ntcheu, yang'anitsitsani mmene amayi amalukira mikanda ya kumutu ndi pachifuwa. Kaluso kamene ndimanyadira kwambiri ndinakaphunzira kwa gogo wina ku Dedza, titakhala pamphasa, iye osanena zambiri, ine n'kumangoyang'ana zala zake.

Munafunsanso ngati ophunzira sadzakulandani makasitomala. Ena adzatero, zinandichitikira, ndipo zimawawa. Koma amene amakonda kapangidwe kanu amakutsatani, bola inu musaleke kupanga zatsopano.

Anzanu atatu aja aitaneni Loweruka lina masana, mukhale pakhonde, aliyense abwere ndi mikanda yake, mutungire limodzi osatchula ndalama. Pamenepo mudzaona ngati mtima wanu umapirira munthu akamasula mfundo yomweyomweyo kachisanu. Mu Malichi mudzandilemberenso, mudzandiuze zimene kope lija likunena.