Funsani Tikuyankheni: Ricky Skaggs Amaimba Country Kapena Bluegrass?

Funso: Akonzi, ine ndinakula ndikumvera Jim Reeves ndi Don Williams pa wailesi. Posachedwapa ndamva nyimbo za Ricky Skaggs, ndipo zina ndi country imene ndinaizolowera, koma zina n'zothamanga, zodzaza banjo ndiponso zopanda ng'oma. Kodi munthuyu ndi ndani, nanga amaimbiranji mitundu iwiri? Ndine wowerenga wanu wa ku Zomba.

Yankho: Bambo, khutu lanu silinakunamizeni. Zothamangazo ndi bluegrass, maimbidwe amene dzina lake linachokera ku gulu la Bill Monroe lotchedwa Blue Grass Boys. Oimba ake sadalira magetsi kapena ng'oma, koma amagwiritsa ntchito banjo, gitala, vayolini, besi ndi mandolini, kachida kansambo zisanu ndi zitatu, ndipo amapatsana mpata kuti aliyense aonetse luso lake mkati mwa nyimbo imodzi.

Skaggs anabadwira m'maimbidwe amenewa pa 18 July 1954 ku Cordell, m'mapiri a boma la Kentucky ku America. Bambo ake anamupatsa mandolini ali ndi zaka zisanu. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Monroe anadzaimba m'tauni ya Martha, ndipo anthu ataumirira kuti kamnyamatako kakwere pansanja, mkuluyo anavula mandolini yake n'kumukoleka mwanayo paphewa kuti aimbe. Nkhani imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene ikumasulira zonse zimene zinatsatira.

Mu 1970 iye ndi mnzake Keith Whitley anasangalatsa anthu amene ankadikira woimba bluegrass wotchuka Ralph Stanley, yemwe anachedwa kufika pamalo oimbira, ndipo Stanley atawamva anawatenga m'gulu lake la Clinch Mountain Boys. Skaggs atachoka kumeneko anaimba ndi katswiri wa banjo J. D. Crowe, kenako ndi mayi woimba country Emmylou Harris, amene anamutsegulira khomo la country.

Kuyambira mu 1981, pamene anasaina ndi kampani ya Epic, nyimbo zake zinayamba kutsogola pa ndandanda wa country. Nthawi imeneyo oimba ambiri a ku Nashville, mzinda umene ndi likulu la nyimbo za country, anali atapendekera ku pop, koma iye anabwezeretsa vayolini ndi mandolini pa wailesi. Analandiridwa ku Grand Ole Opry, pulogalamu yotchuka ya nyimbo za country ya pansanja ndi pa wailesi, mu 1982, ndipo mu 1985 bungwe la Country Music Association linamupatsa mphoto ya Entertainer of the Year. Chimene chimandikhudza ine kwambiri n'chakuti mu 1984 anafikitsa pa nambala wani nyimbo yakale ya Monroe yotchedwa "Uncle Pen", kusonyeza kuti ngakhale ali pachimake pa kutchuka sanaiwale amene anamuyambitsa.

Monroe atamwalira pa 9 September 1996, Skaggs anabwerera ku bluegrass ndi mtima wonse. Mu 1997 anatulutsa chimbale cha Bluegrass Rules! ndi gulu lake la Kentucky Thunder, ndipo anakhazikitsa kampani yakeyake ya Skaggs Family Records. Ena anganene kuti anabwerera chifukwa mawailesi anali atayamba kukonda oimba atsopano monga Garth Brooks, ndipo mfundoyo ili ndi choona chake. Komabe ine ndikuona kuti munthu wongothawa msika sakanatha zaka zonsezi akuimba maimbidwe a ndalama zochepa, akulera achinyamata m'gulu lake ndi kukolola mphoto za Grammy zambiri chotero.

Choncho, bambo, nyimbo zimene zikukukumbutsani Don Williams ndi za m'zaka za m'ma 1980, pamene za banjo zambiri ndi za pambuyo pa 1996. Mu 2018 Skaggs analowetsedwa mu Country Music Hall of Fame, malo olemekezerako akatswiri a country, ndipo pamwambowo akuluakulu anatulutsa mandolini ya Monroe m'galasi momwe imasungidwa n'kumupatsa kuti aiimbe pamaso pa anthu.