Mafunso a Owerenga: Ndingathandize bwanji pa njala ya mu mzinda wa Blantyre?

FUNSO: Akonzi, ine ndimagwira ntchito ku Limbe ndipo ndimakhala ku Chilomoni. M'mawa uliwonse ndikatsika minibasi ndimakumana ndi ana opemphetsa, ndipo kumene ndimakhala kuli mabanja amene masiku ena amagona osasonkha moto. Kumpingo kwathu timagawa ufa ndi shuga pa Khirisimasi, koma mtima wanga sukhutira. Kodi ndi mabungwe ati amene akulimbanadi ndi njala mu mzinda uno, nanga munthu wa malipiro ochepa ngati ine angathandize bwanji?
Mayi wa ku Chilomoni

YANKHO: Amayi, mtima wanu sukunama. Njala ya m'tauni ndi yosiyana ndi ya kumudzi, chifukwa kumudzi anthu amaona nkhokwe ikutha ndipo amadziwiratu mwezi umene zinthu zidzavute, pomwe m'tauni chakudya chimakhala chili mbwee pamsika koma ndalama yogulira ndiyo imasowa. Bambo wodalira ganyu ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Mbayani amagula kaufa kam'pulasitiki kaja kotchedwa walkman, kokwana nsima ya usiku umodzi, ndipo tsiku limene ganyu sanapezeke poto sapita pamoto. Mzinda uno unali ndi anthu pafupifupi 800,000 pa kalembera wa 2018, ndipo kuchokera pamenepo mavuto akhala akutsatizana: namondwe wa Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche mu Marichi 2023, ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, kenako ng'amba ya 2024 inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Zonsezi zimathera pa mtengo wa chimanga.

Bungwe limene ntchito yake mungaione ndi maso anu ndi la Mary's Meals, lomwe linayambira kuno ku Malawi m'chaka cha 2002 pamene Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland anabwera pa nthawi ya njala. Poyamba linkadyetsa ana 200 okha, koma lero ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno amalandira phala tsiku lililonse la sukulu. Phalalo ndi la Likuni, la chimanga chosakaniza ndi soya ndi mavitamini. Chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti ophika phalalo salipidwa. Ndi makolo a m'dera lomwelo, ambiri mwa iwo amayi, amene amalawirira kusanache, kutunga madzi, kukoleza moto pansi pa miphika ikuluikulu ndi kutakasa ndi mithiko yotalika ngati munthu, kuti pamene ana akufika atagwira makapu awo apulasitiki phala likhale litapsa. Mwana amene wachoka kunyumba osalawa kanthu amakhala m'kalasi chifukwa cha kapu imeneyo. Ngati muli ndi m'mawa umodzi pa sabata, pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale yapafupi nanu mukafunse za komiti yophika phala, chifukwa manja sakwana nthawi zambiri, ndipo nkhuni, sopo ndi zidebe zimafunika.

Ana aang'ono amene sanayambe sukulu ndiwo amafooka msanga. Kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth kuli wodi ya Moyo yosamalira ana onyentchera kwambiri, ndipo bungwe la Project Peanut Butter limapanga chiponde chochiritsa ana otere kuno ku Blantyre. Mukaona mwana woyandikana nanu akutupa mapazi, tsitsi litafiira ndi kupyapyala, thandizo lalikulu ndi kuperekeza mayi wake kusikelo kuti alangizi a zaumoyo akamuyeze mkono. Ndipo mukaona chiponde chakuchipatala chikugulitsidwa pamsika, musagule, pakuti paketi iliyonse yogulitsidwa yalandidwa kwa mwana wodwala.

Za ana a mumsewu ndilankhula mosabisa, ngakhale ndikudziwa kuti ena sagwirizana nane. Ndalama yoponyera mwana pazenera la galimoto imamusunga mumsewu, ndipo kawirikawiri pamakhala wamkulu wina amene amaiyembekezera madzulo. Mabungwe ngati Chisomo Children's Club ndi Samaritan Trust amagwira ntchito yovutayo yofufuza kwawo kwa mwana, kukambirana ndi abale ake ndi kumubwezera kusukulu. Ndalama yanu ingachite zambiri kumeneko. Ngati mwanayo ali ndi njala pamaso panu, mugulireni chakudya adye muli pomwepo, mumufunse dzina lake ndi kumene amagona.

Tsopano za kumpingo kwanu. Kugawa zinthu pa Khirisimasi si kolakwa, koma ufa wa Disembala sufika Febuluwale, pamene chimanga chimakwera mtengo kwambiri, fizi yatenga ndalama zonse ndipo ganyu wa zomangamanga wachepa chifukwa cha mvula. Phala la kusukulu nalonso limaima Loweruka, Lamlungu ndi pa tchuthi. Mipata imeneyi ndiyo gulu laling'ono lingathe kutseka. Ndikadakhala m'komiti yanu ndikanapempha kuti tigule chimanga mu Meyi kapena Juni chikadali chotsika mtengo, tichithire mankhwala ndi kuchisunga, tisankhe mabanja ochepa mothandizana ndi mfumu ya m'dera, makamaka a agogo olera ana amasiye ndi a anthu amene akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kenako tiziwapatsa mwezi ndi mwezi mpaka kukolola. Mabanja 10 othandizidwa miyezi inayi apindula kuposa mabanja 100 olandira tsiku limodzi. Popereka, pitani mwakachetechete, ndipo musajambule munthu atanyamula thumba kuti mukaike pa Facebook, chifukwa amayi ena amalolera kugona ndi njala kusiyana ndi kuonetsedwa chotero.

FUNSO: Ndili ku Johannesburg ndipo ndimaona magulu ambiri pa WhatsApp akupempha ndalama zodyetsera ana ku Blantyre. Ndingadziwe bwanji oona?
Bambo wochokera ku Zingwangwa

YANKHO: Bambo, funsani ngati gululo linalembetsedwa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, imene kale inkatchedwa NGO Board. Magulu ang'onoang'ono a m'madera amadziwika ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya boma la Blantyre. Gulu loona limakhala ndi akaunti ya kubanki m'dzina lake, yosainira anthu oposa mmodzi, ndipo silikwiya mukapempha malisiti. Ngati nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene mwapatsidwa ndi ya munthu mmodzi, musatumize kanthu kufikira m'bale wanu wa ku Zingwangwa atapita pamalopo tsiku lophika, osawauziratu, akawerenge ana amene akudya ndi kuona matumba amene ali m'chipinda chosungira.