Utawaleza wa pa botolo la Aroma si penti

Mayi wina wanditumizira imelo. Anaona chithunzi cha kabotolo ka Aroma akale konyezimira ngati utawaleza, ndiye akufunsa kuti ankapaka penti yanji, nanga ankaumba bwanji popanda makina.

Mayi, mwanditosa pachilonda. Ndili mwana ndinaswa tambula ya agogo, ija inkatuluka m'kabati pokhapokha kukabwera alendo. Zidutswa ndinakabisa kuseri kwa nkhokwe, mlongo wanga n'kundiulula tsiku lomwelo. Mpaka pano ndikagwira galasi manja amachita thukuta. N'chifukwa chake ndimamumverako chisoni mkulu uja amene mu 1845, ataledzera, anaphwanya Portland Vase, mtsuko wagalasi wotchuka wa Aroma, ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ku London. Iyo anailumikiza, ilipobe. Ya agogo inapita basi.

Komatu ine zotchukazi sizindipatsa chidwi kwenikweni. Aliyense amangotama Lycurgus Cup, kapu yobiriwira imene imafiira kuwala kukadutsamo chifukwa cha timagolide ndi timasiliva tosaoneka ndi maso. Inali ya mabwana imeneyo. Chenicheni n'kabotolo wamba. Kale mmisiri ankakulunga galasi losungunuka pa chibuma cha dothi, likazizira n'kukolopola dothilo, ntchito yodya nthawi. Cha m'ma 50 BC, ku Syria ndi Palestine, wina anatulukira kuti galasi lamoto ukaliuzira ndi kapaipi limafufuma. Mtengo unagwa mwakuti Strabo, mlembi wa Chigiriki wa nthawi imeneyo, analemba kuti ku Rome kapu inkagulidwa ndi kakhobidi kamkuwa. Ennion, amene ankauzira m'zikombole, ankalembapo dzina lake m'Chigiriki. Ameneyo ndiye ndimamuvulira chipewa, wodziwa kutsatsa malonda.

Yankho lanu tsopano

Popanga galasilo, ankasakaniza mchenga ndi mchere wa natron wochokera ku Wadi el-Natrun ku Egypt. Mchenga wa mtsinje wa Belus, kudera lomwe lija la Syria ndi Palestine, unali wotchuka, ndipo tizigoba ta mumchengamo tinkapereka laimu. Ankasungunula m'ng'anjo zikuluzikulu, kuswa miyalamiyala, n'kutumiza pa zombo kwa amisiri akutali oti akasungunulenso ndi kuuzira. Kubiriwira kwa galasi wamba la Aroma n'chitsulo cha mumchenga.

Penti panalibe. Utawalezawo ndi kudyeka: chinyezi cha munthaka chadya galasilo zaka mazanamazana mpaka lasanduka timakungu topyapyala tonyezimira. Mukadzaligwira musalikweche, timakungu timeneto timasendeka.