Ophunzira anga amadziwa Java, koma mapulogalamu awo ndi osokonekera

Funso: Ndapatsidwa kalasi ya ophunzira a digiri yachiwiri pa yunivesite ina kuno ku Harare. Java, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, amaidziwa, koma pulogalamu yonse amaiunjika mu class (chigawo cha pulogalamu) imodzi, ndipo inheritance (class kutengera zochita za class ina) amaiika paliponse. Ndiyambire pati?
Mphunzitsi, Mount Pleasant

Yankho: Aphunzitsi, musayambe ndi ma design pattern, njira zodziwika zokonzera mapulogalamu zimene zili ndi mayina ake. Akaloweza mayina asanakumane ndi vuto, adzangomwaza imodzi mwa njirazi, monga Singleton, ponseponse.

Sabata yoyamba alembe pulogalamu ya m'sitolo yolandira ndalama zamanja zokha. Sabata yachiwiri awonjezere EcoCash, njira yolipirira pa foni, yachitatu inzake ya OneMoney ndi khadi, mitengo ikhale ya madola a ku America (USD) ndi ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe. Amene anadalira if ndi else posankha njira yolipirira adzaona kuti akasintha pamodzi, pena paonongeka. Apa m'pamene muwasonyeze interface imodzi ya malipiro (mndandanda wa zimene njira zonse zolipirira ziyenera kuchita), njira iliyonse yolipirira ikhale ndi class yakeyake. Dzina la design pattern imeneyi, lakuti Strategy, mulitchule pomaliza, atamva kale kuwawa kwake. Ndalama azisunge mu mtundu wa nambala wa BigDecimal, chifukwa mtundu wa double susunga 0.1 ndendende.

Za inheritance, gwiritsani mfundo imene Barbara Liskov, katswiri wa za makompyuta, anafotokoza mu 1987: subclass (class yotengera kwa ina) izitha kulowa m'malo mwa kholo lake popanda kusokoneza kanthu. Apange Square kuchokera ku Rectangle, kenako alembe test ya JUnit (chida choyesera mapulogalamu a Java) yoika m'lifupi 5, kenako m'litali 4, n'kuyembekezera kukula (area) kwa 20. Square idzapereka 16, chifukwa mbali zake zonse zidzakhala 4. Akaona zimenezi, composition (class kugwiritsa ntchito class ina m'kati mwake m'malo motengera kwa iyo) adzaimvetsa msanga.

Pochonga, musangoona ngati pulogalamu ikuyenda. Werengani mafayilo amene asinthidwa powonjezera njira yatsopano yolipirira.